Mngoni ndi Nyambo ya Nthenga: Ulendo wa ku Nyanja ya Mchere

Amene anafikapo ku Mtenguleni, mudzi uja uli m'mbali mwa msewu wa Great East pakati pa Chipata ndi Katete, adzavomereza kuti kwathu kulibe madzi oti munthu angawatche nyanja. Tili ndi madambo, timitsinje touma chilimwe chisanafike pakati, ndi madamu omwetsa ng'ombe. Dziko limatidziwa chifukwa cha N'cwala, mwambo umene unayambanso mu 1980, pamene Angoni amasonkhana Loweruka lotsiriza la Febuluwale kudzaona Inkosi ya Makosi Mpezeni ikulawa dzinthu zatsopano. Tsono owerenga akhoza kudabwa kuti anthu a kumtunda ngati ife tikufuna kusimba za kuwedza nsomba m'nyanja ya mchere. Dekhani, abale, pakuti zimene tinakaphunzira kumeneko zikukhudza ndiwo za pakhomo panu ndi pathu.

Mng'ono wathu anachoka pamudzi ali mnyamata nakalowa ntchito yoperekeza alendo pa Zambezi, kumene anaphunzira kuwedza mcheni, nsomba ya mano ija. Patapita zaka anasamukira ku Inhassoro, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, m'mphepete mwa Nyanja ya India. Chaka china, titatha kukolola ndi kugulitsa mbewu, anatiimbira foni kuti tipite tikaone kumene amadyera, ndipo anapempha kuti tisawasiye amalume athu, nkhalamba yovina ngoma imene sinalawepo nsomba chibadwire. Makolo athu Angoni anali anthu a ng'ombe, mkaka ndi nyama, ndipo nsomba ankaiyesa mbale wake wa njoka. Ife ana tinauleka mwambowo kalekale, kotero kuti kapenta ndi bakayawo sizisowa m'mbale zathu, koma amalume anaugwiritsitsa. Pouvomera ulendowo anati: "Ndipita kukaona madzi. Nsombazo mukadye nokha."

Kubwerera m'mapazi a makolo

Tinanyamuka m'mwezi wa Okutobala. Ku Katete tinakhotera kumwera, tinadinditsa ziphaso pa Chanida ndi pa Cassacatiza, ndipo tinatsika m'dziko lotentha la milambe mpaka ku Tete. Pa mlatho wa Samora Machel amalume anavula chipewa nakhala chete mpaka tinafika tsidya. Mtsinje umenewu Zwangendaba anauoloka ndi anthu ake pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, akuchokera kumwera. Ife tinali kuuoloka chobwerera. Kuchokera pamenepo tinadzera ku Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope, tinaoloka mtsinje wa Save, ndipo tsiku lachitatu, titayenda makilomita oposa 1,000, tinamva fungo la mchere mumphepo tisanaone madzi.

Anthu a ku Inhassoro amalankhula Chitswa. Mfumu amati hosi, ng'ombe amati homu, ndipo amalume, amene amadziwa inkosi ndi inkomo za m'nyimbo za ngoma, anasangalala ngati apeza abale otayika. Sanalakwe kwenikweni, chifukwa makolo athu anadutsa m'madera a kumwera kwa dziko limeneli, ndipo Soshangane, amene anachokera dera limodzi ndi Zwangendaba, anatsala kumeneku nakhazikitsa ufumu wa Gaza.

Madzulo tinafika pagombe. Tinaona ngalawa za matanga zitagona cham'mbali pamchenga wouma, madzi ali kutali kwambiri. Tinafunsa chimene anthu anavutikira kukoka ngalawa mtunda wonsewo. Mng'ono wathu anaseka nati: "Akulu, palibe anazikoka. Nyanja yazisiya, ndipo ibwera kudzazitenga tisanagone." Sitinakhulupirire mpaka tinaona ndi maso athu, usiku womwewo, ngalawa zonse zikuyandama pamalo omwe tinaponda.

Nyambo yosadyeka

M'mawa mwake anatiyalira zida zake pamphasa. Panali ndodo yopepuka, yotalika pafupifupi mamita 3, yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe. Chingwecho n'chonenepa ndi cholemerako, ndipo kumapeto kwake amamangako ulusi woonekera ngati madzi. M'kabokosi munali mbedza zovekedwa nthenga za nkhuku, ubweya ndi timaulusi tonyezimira. Zina anazipanga ngati tinsomba, zina ngati nkhanu, zina ngati tizilombo ta pansi pa madzi. Nyongolotsi panalibe, nsima panalibe. Amalume anatola imodzi, naitembenuza, nati: "Nthenga ife timavala kumutu povina. Iwe ukudyetsa nsomba?"

Kuwedza kumeneku kunayambira m'mitsinje yozizira ya ku Ulaya, kumene nsomba zimadya tizilombo touluka togwera pamadzi, ndiye chifukwa chake Angerezi amaitcha nyamboyo ntchentche. Pambuyo pake anthu analitengera lusoli kunyanja za mchere za m'maiko otentha. Nyambo ya nthenga ilibe kulemera koti munthu angaiponye patali. Chimene chimaponyedwa ndi chingwe. Msodzi amachiyendetsa m'mwamba, kumbuyo ndi kutsogolo, monga achitira mnyamata wa ngolo ndi mkwapulo, mpaka chitatambasuka mamita 20 kapena kuposa, n'kugwetsa nyambo mwakachetechete patsogolo pa nsomba. Kenaka amakoka chingwecho ndi dzanja pang'onopang'ono kuti nthenga zija zioneke ngati kansomba kothawa. Nyambo yotere ilibe fungo ndipo siikoma. Imanyenga maso okha. N'chifukwa chake msodzi ayenera kuiona nsomba, kapena kudziwa bwino pamene idzadutsa ndi nthawi yake, asanaponye. Amene sadziwa kuwerenga mwezi, mphepo, dzuwa ndi madzi angoweruka ndi phewa lopweteka.

Masiku atatu a mwera

Ife tinali okonzeka kupita panyanja tsiku lomwelo, koma mng'ono wathu ndi mwini ngalawa, bambo wachikulire wa kuchilumba cha Bazaruto, anayang'ana kumwera napukusa mitu. Mwera unali utayamba. Unaomba masiku atatu, nyanja inachita mafunde a thovu, ndipo madzi a m'mbali anasanduka ngati thobwa. Mphepo yotere imabweza chingwe kumaso kwa woponya, imavundula mchenga kotero kuti nsomba siiona nyambo ndipo msodzi saiona nsomba, komanso imagubuduza ngalawa. Tinadandaula kuti ndalama zikutha tikungokhala, koma mwini ngalawa anatiuza, kudzera mwa mng'ono wathu, kuti iye ali ndi ana ndipo safuna kuti akaleredwe ndi anthu ena.

Masiku amenewo sanapite pachabe, chifukwa ndiwo tinaphunzira za mwezi. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja, ndipo dzuwa limathandizako. Nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, kotero kuti ikadzaza 8 koloko m'mawa lero, mawa idzadzaza cha m'ma 9. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso masiku a mdima pamene mwezi wafa, mwezi ndi dzuwa zimakokera pamodzi, ndipo madzi a kumeneku amakwera ndi kutsika mamita 3 kapena 4. Mwezi ukakhala theka amasuntha pang'ono chabe. Pakati pa mtunda ndi zilumba nyanja n'njosaya, tsono madzi akaphwa amasiya mchenga waukulu ngati madambo a kwathu, wodulidwa ndi mikwasa yakuya. Akayamba kubwerera, nkhanu zimatuluka m'maenje, tinsomba timakwera nawo kukadya, ndipo nsomba zazikulu zimatsata m'mikwasa muja n'kubisalira pamakona pamene madzi athamanga. Ola limenelo ndilo la msodzi wa nthenga. Madzi akaima, kaya atadzaza kaya ataphweratu, nsomba nazo zimaleka kusaka.

Dzuwa nalo lili ndi gawo lake. M'mamawa ndi madzulo nsomba zolusa zimathamangitsa tinsomba pamwamba pa madzi, ndipo mbalame zam'nyanja zikamagwera pamalo amodzi zimaulula pamene pali phwandolo. Koma wofuna kuona nsomba pamchenga wosaya amadikira dzuwa likwere, nalisiya kumbuyo kwake, navala magalasi akuda ochotsa kunyezimira kwa madzi. Mtambo umodzi ukadutsa, zonse zimabisika.

Tinafunsanso za nyengo za pachaka. Madzi a kumeneku safika pozizira kwenikweni, chifukwa amachokera kumpoto kotentha n'kutsika pakati pa Mozambique ndi Madagascar. M'miyezi ya chisanu amakhala cha pa madigiri 23, ndipo m'dzinja amafika cha pa 28. Nyengo ya chisanu mwera umabwera kawirikawiri. Kuyambira Seputembala mpoto umayamba kulamulira, madzi amafunda, ndipo nsomba zolusa zimayandikira kugombe. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula ndi anamondwe, pamene mitsinje monga Save imathira matope m'nyanja. Namondwe Favio anaphwasula tauni ya Vilankulo, kumwera kwa Inhassoro, mu Febuluwale 2007. Freddy anatera pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023, ife kuno tili pakati pa zokonzekera N'cwala, asanabwererenso mu Malichi kukapha anthu ambirimbiri kumwera kwa Malawi. Amalume atamva zonsezi anati: "Ndiye kuti anthu awa ndi alimi ngati ife. Kusiyana kwake munda wawo umayenda."

Tsiku la madzi oyera

Tsiku lachinayi kunacha kuli bata, mwezi utatsala pang'ono kukhala wathunthu. Mng'ono wathu anali atalipira kale chilolezo, pakuti zilumba zisanu za kumeneku, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué, zili m'malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1971, ndipo masiku ano ndi aakulu makilomita 1,430 m'bwalo lake lonse. Mu 2017 boma la Mozambique linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti aziyang'anira malowa pamodzi. Muli malo ena, monga matanthwe a pansi pa madzi otchedwa Two Mile Reef, amene munthu saloledwa kuponyamo mbedza ngakhale imodzi.

Ngalawa inatisiya pamchenga wina woyang'anana ndi mapiri a mchenga a Bazaruto, madzi ataphwa. Anatilangiza kuti tiziyenda chokhwekhwereza mapazi, chifukwa mumchenga mumabisala nsomba yophwaphwatika yokhala ndi munga waululu kumchira, imene imathawa ikamva phazi likubwera koma imabaya ikapondedwa. Madzi anali oyera kotero kuti tinaona zala za kumapazi kwathu ali m'chiuno. Chapatali amayi a kuchilumba anali ataweramira pansi ndi madengu, akutola nkhono zam'nyanja zimene amazitcha mapalo, ndiwo zimene amadya ndi kugulitsa ataziumitsa.

Tinaima nthawi yaitali osaona kanthu. Kenaka madzi anayamba kutikankha m'miyendo, ndipo mng'ono wathu ananong'ona: "Akulu, taonani uko, kumanja kwa udzu." Ife tinaona madzi okhaokha. Iye anaona mithunzi itatu. Anayendetsa chingwe kawiri, nachigwetsa, nakoka katatu, ndipo madzi anaphulika. Kagudumu kanalira, chingwe chinathamanga ngati chamangidwa ku ng'ombe yolusa, ndipo panapita pafupifupi theka la ola asanaibweretse pafupi. Inali nsomba yamphamvu, yamutu waukulu, yotuwa ngati siliva, imene Angerezi a kumwera kuno amaitcha kingfish ndipo Apwitikizi amati xaréu. Imeneyi inali yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu kuchokera paphewa, koma za mtundu wake zimatha kupitirira makilogalamu 50.

Tili kuigomera nsombayo tinamva mwini ngalawa akukuwa. Amalume anali atatsalira pa kachulu ka mchenga akutola zigoba zoti akapatse adzukulu, osadziwa kuti nyanja ikamadzaza imayamba kulowa m'mikwasa ya kumbuyo. Pamene tinadutsa madzi ali m'akakolo panali patasanduka mtsinje wothamanga wofika pachifuwa, ndipo nkhalambayo sidziwa kusambira. Mng'ono wathu anatipatsa ndodo nafuula: "Amalume, musasunthe! Imani pomwepo!" Mwini ngalawa anapalasa ndi mphamvu zake zonse, ndipo anawakweza madzi atawafika m'mawondo pamwamba penipeni pa kachulu kaja. Mphindi zochepa pambuyo pake malowo sanaonekenso. Tinayang'anana osalankhula, aliyense akuganiza zimene tikanakanena ku Mtenguleni.

Mkangano wa m'ngalawa

Nsomba ija inali idakali pambedza. Mng'ono wathu ananyowetsa manja, anaigwira kumchira osaitulutsa m'madzi, nachotsa mbedza, imene anali ataiphwanya kale kandevu kake kuti isang'ambe pakamwa. Anaiyang'anitsa kumene madzi anali kuchokera mpaka inapezanso mphamvu, ndipo anaitaya. Ife mtima unatipweteka. Tinamuuza kuti ndiwo imeneyo ikanadyetsa banja lonse masiku atatu, ndipo kwathu munthu wotaya chakudya amamuyesa wodwala mutu.

Iye anayankha mwaulemu kuti nsomba yotere imatenga zaka zambiri kuti ifike msinkhu umenewo, ndipo zikuluzikuluzo ndizo zimaikira mazira ochuluka. Akaigulitsa pamsika adya ndalama yake kamodzi. Akaibweza, mlendo wina adzalipira ngalawa, chakudya ndi malo ogona kuti adzaione, ndipo iye, mwini ngalawa ndi ophika adzalandira malipiro chaka chino ndi chamawa. Mwini ngalawa anavomera, koma anaonjezapo mawu amene sitinawaiwale. Anati kubweza nsomba n'kosavuta kwa munthu amene nsima yake ili kale pamoto. Abale ake okoka khoka pagombe sangabweze kanthu, chifukwa chimene chalowa m'khokamo ndicho chakudya cha ana tsiku limenelo.

Madzulo tinakaona khokalo likutuluka pa Inhassoro. Amuna ndi akazi ambiri anakoka zingwe kwa maola, ndipo m'thumba la khoka munatuluka udzu wambiri ndi nsomba zochepa, zambiri mwa izo zazing'ono. Udzu umenewo ndi wa pansi pa nyanja, mmene tinsomba timakulira, ndiponso ndi chakudya cha dugong, nyama yoyamwitsa yofatsa imene yatsala pang'ono kutha m'gombe lonse la kum'mawa kwa Afrika, kupatula mazana ochepa a kuzilumba zimenezi. Sitinathe kuwaweruza anthu aja, pakuti njala tikuidziwa. Koma tinaona ndi maso kuti khoka likakokolola udzu ndi ana a nsomba, mlendo wa nthenga ndi mayi wa dengu adzasowa onse pamodzi.

Amalume, amene anali chete chiwapulumutsireni, ndiwo anatseka nkhaniyo. Anati: "Ine nsomba sindidya, tsono ndilibe mbali. Koma ndikufunseni, ana inu. Mu Febuluwale, chimanga chikakhala chitakhwima m'munda, maungu ali mbwee, njala ili m'nyumba, n'chifukwa chiyani makolo ankaletsa kuthyola mpaka Inkosi italawa? Kodi ankadana ndi ana awo? Ankadziwa kuti mudzi ukayamba kudya chosakhwima, aliyense pa yekha, nkhokwe sizidzadzaza. Lamulo lake linali la onse, wolemera ndi wosauka, ndiye chifukwa chake linagwira."

Zimene tinabwera nazo

Pobwerera tinali ndi nthawi yokwanira yoganizira mawu amenewa. M'Zambia boma limatseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Taonani, abale, kuti chiletsocho chimatha sabata yomweyo kapena pafupi ndi pamene ife timavina N'cwala. Ku Malawi, pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo amautsegula ndi mwambo mu Epulo. Nzeru yodikira nyengo si yachilendo pakati pathu.

Komabe tikudziwa zimene zimachitika m'madzi a kwathu kuno, kuyambira ku Lutembwe mpaka ku Luangwa ndi m'madamu a m'midzi. Maneti amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku udzudzu asanduka makoka osasiya ngakhale kansomba kobadwa dzulo. Ena amathira katupe m'dziwe, ena mankhwala a thonje, n'kupha zonse za m'menemo tsiku limodzi. Ndipo ife ogula, m'miyezi yoletsedwa ija, timafunsa mtengo osafunsa kumene nsombayo yachokera. Tikamadandaula kuti nsomba zachepa ndipo zakwera mtengo, tizikumbukira kuti dzanja lathu lilimo.

Sitikunena kuti anthu a ku Mtenguleni agule ndodo za nthenga, pakuti mtengo wa imodzi ungagule matumba angapo a feteleza. Chimene tinasirira mwa mng'ono wathu ndi mwini ngalawa uja n'chakuti amadziwa tsiku loyenera kupita ndi tsiku loyenera kukhala pakhomo, amadziwa nsomba yotenga ndi yosiya, ndipo anatha kutikaniza ife alendo awo masiku atatu ngakhale tinanyinyirika. Mafumu athu, amene mawu awo amamveka pa nkhani ya dzinthu zatsopano, akhoza kumvekanso pa nkhani ya madamu ndi mitsinje, ngati ife makolo tiwathandiza poyambira m'nyumba zathu.

Amalume anabwera ndi zigoba zawo, ndiponso nyambo imodzi ya nthenga zoyera imene mng'ono wathu anaichotsa nsonga. Anaisokerera pa chovala chawo cha kumutu, ndipo pa N'cwala yotsatira anavina nayo pabwalo la Mtenguleni. Anzawo akawafunsa za mbalame imene inapereka nthenga zachilendozo, amawakhazika pansi n'kuyamba kuwafotokozera za mwezi ndi madzi. Nsomba sanayambe kudya mpaka lero.